Pansi pa Galimoto ya Atate

Burashi ya waya ija inali ndi chogwirira chamtengo chong'aluka pakati, chimene atate anachikulunga ndi mphira wa chubu. Mawaya ake anali atapendekera mbali imodzi, kumene dzanja lawo linkakankhira. Tsiku limene amayi anandituma kuti ndikaitenge m'bokosi la zitsulo ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinali nditakhala mu Lusaka miyezi itatu yokha. Ndinainyamula ndi manja awiri, monga mmene kwathu ku Katete tinkalandirira chinthu kwa munthu wamkulu, ngakhale kuti panalibe wondipatsa.

Ine ndinakulira kumudzi kwa amalume, ndipo sukulu ndinayambira komweko. Atate ndi amayi ankakhala mu Lusaka, ku Kabwata, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kokhala ndi bwalo lokwana galimoto imodzi ndi chingwe choyanikapo zovala. Galimotoyo inali yakale, yoyera, yamateyala ataliatali, ya mtundu uja woyenda m'tchire ndi m'matope. Atate ankapita nayo kumidzi ya kum'mawa kukagula mtedza ndi nyemba kumene malole ankakanika kufika, n'kudzagulitsa m'tauni. Amayi ankapita nawo maulendo ambiri, ndipo atate akatopa, iwo ndiwo ankagwira chiwongolero. Chaka chimenecho atate anabwerako mvula ikutha, thupi likuwotcha. Anaimika galimoto pabwalo ili ndi matope ake, nati adzaitsuka akapeza bwino. Anamwalira nyengo yozizira. Ine ndinabwera kumaliro, ndipo amayi anakana kuti ndibwerere kumudzi.

Maliro atatha, azakhali, mlongo wamkulu wa atate, anakhazika amayi pamphasa n'kuwauza malamulo a umasiye. Azivala zakuda. Asapatse munthu moni wa m'manja. Asakhudze chilichonse cha malemu, kaya malaya, kaya zitsulo, kaya galimoto, kufikira tsiku limene abale a mwamuna adzawasudzule, ndiko kuti kuwamasula pa mwambo kuti akhalenso munthu ngati ena onse. Anati chinthu chimene wamasiye wachikhudza asanasudzulidwe chimanyamula imfa, ndipo wochigwiritsa ntchito pambuyo pake sakhalitsa. Atate aang'ono, mng'ono wawo wa atate amene ankakhala ku Chelstone, anavomereza mawu onsewa mokweza kuposa aliyense. Anatenga makiyi ndi buku la galimoto kuti akasunge. Potuluka anamenya teyala ndi nsapato.

“Ichi ni chisikirapu chabe, chinsimbi chosila nchito,” anatero. “Tizaona pa kusudzula.”

Mwezi wa Okutobala unafika ndi kutentha kwake. Maluwa a jakaranda ankagwa m'misewu n'kumamatira kunsi kwa nsapato. M'mawa wina amayi akusesa anaima pafupi ndi galimoto, tsache lili m'manja, akuyang'ana pansi. Panali timakoko tofiirira tambirimbiri, ngati makungwa ouma, titagwa kuchokera kunsi kwake. Linali dzimbiri. Matope a kum'mawa aja anali atasunga chinyezi miyezi yonseyi, ndipo chitsulo chinali kudyeka. Chaka chilichonse mwezi umenewu atate ankalowa pansi pa galimoto kupala dzimbiri ndi kupaka penti mvula isanagwe. Amayi ankadziwa kuti dzinja lina likaipeza ili choncho, chasisi, chimene ndi msana wachitsulo wonyamula galimoto yonse, chidzabooka, ndipo mawu a atate aang'ono adzakhala oona.

Anakwera minibasi kupita ku Chelstone kukapempha chilolezo. Anabwerako masana, namwa madzi makapu awiri ataimirira. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumapewa mpaka kumapazi, ngati akundiyesa diresi.

“Akamba kuti ine nisagwile,” anatero. “Za iwe sanakambe.”

Ndiyenera kunena kuti sindinavomere chifukwa cha kulimba mtima. Nthawi imeneyo ndinkavomera chilichonse. Kusukulu ana ankandiseka chifukwa cha Chichewa changa cha kumudzi, ankati ndimalankhula ngati mlaliki, ndipo ine ndinkaseka nawo kuti asakhumudwe. Munthu akandiponda phazi, ndinkapepesa ndine. Amayi akanandiuza kuti ndilowe m'chitsime ndikanangofunsa kuti ndivule nsapato kapena ayi.

Tinayamba ndi madzi. Masiku atatu ndinkatunga pampopi m'mawa madzi asanathe, ndipo pochokera kusukulu ndinkalowa chagada pansi pa galimoto ndi kamtengo, kugogomola matope. Galimotoyo inali yaitali mokwanira kuti mwana ngati ine atembenuke pansi pake popanda jeke. Amayi anandiuza kuti ndiike miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa teyala lililonse, ndipo anaiyang'ana kawiri. Iwo ankakhala pakampando patali ngati mapazi atatu, atavala zakuda zawo, manja atawabisa m'chitenje kuti aliyense wodutsa pamsewu aone kuti sakukhudza kanthu. Matopewo anali ofiira, dothi la kwathu lenileni, ndipo m'kati mwake ndinkapezamo udzu, makoko a mtedza, ngakhale nthenga ya nkhanga. Ankandigwera kumaso ndi m'makutu. Sindinauze amayi kuti fungo lake likanyowa linkandikumbutsa njira ya kusukulu yanga yakale.

Zitsulo zitauma panabwera ntchito yeniyeni. Ndinkamanga kansalu pamphuno, kuvala magalasi a atate amene tinawafupikitsa ndi mfundo kumbuyo, n'kuyamba kupala. Burashi inkachotsa dzimbiri la pamwamba, lolimba ndinkaligogoda ndi kahamala, kenako sandipepala mpaka chitsulo chioneke chotuwa. Fumbi lake linkalowabe m'kamwa, ndipo malovu ankamveka ngati magazi. Mikono inkanjenjemera chifukwa chogwira ntchito itaimikidwa m'mwamba, moti madzulo ndinkalephera kukweza kapu.

Popeza amayi sakanatha kulowa pansipo, ankaona ndi makutu. Ankandiuza kuti ndigogode chasisi pang'onopang'ono kuyambira kutsogolo. Chitsulo chamoyo chinkalira kuti ngwee, chodyeka chinkangoti phu.

“Bwelela kumbuyo. Apo. Menya futi.”

Ndikamenya ankatseka maso, mutu utapendekeka. Malo oti phu analipo awiri okha, aang'ono, ndipo onse anali pa zitsulo zopingasa, osati pa msana weniweni. Tsiku limenelo amayi anaphika tiyi wamkaka masana, chinthu chimene sanachitepo chichokere maliro.

Ndikamaliza chigawo ndinkachipukuta ndi thinazi, mankhwala onunkha aja osungunulira penti, kenako n'kudutsitsapo kansalu koyera n'kukawaonetsa. Kansalu kakaoneka kofiirira ngakhale pang'ono ankangoloza pansi pa galimoto ndi chibwano. Ine ndinkalakalaka kutsegula chitini cha penti, chifukwa penti ndiye amaoneka ndipo munthu amayamikiridwa. Iwo ankati penti wopaka pa dzimbiri amatupa mvula yoyamba, ndipo atate ankachita manyazi ndi ntchito yotere. Sabata ziwiri zinatha ndisanagwire burashi yopentera.

Penti woyamba anali wofiira ngati dothi la chulu, wotchedwa redokisaidi, amene amagwira chitsulo kuti dzimbiri lisayambenso. Ndinkapaka mopyapyala, kudikira tsiku, n'kupakanso. Amayi ankandiwerengera malo osayenera penti: timapaipi ta mabuleki, timabere tothirira girisi, paipi ya utsi. Ankawatchula mwa dongosolo lomwelo tsiku lililonse, ndipo ndikuganiza tsopano kuti anali kubwereza mawu a atate monga anawamvera zaka zonse zija atakhala pakampando komweko akusenda mtedza. M'kati mwa chasisi, mmene burashi sifika, tinathiramo oyilo wakale ndi botolo lomangirira kapaipi, mpaka anayamba kudontha kumapeto kwina.

Penti wofiirayo ankakana kuchoka m'zikhadabo. Lolemba lina aphunzitsi poyendera manja anaima pa ine, nandifunsa pamaso pa kalasi yonse ngati kumudzi kwathu atsikana a giredi sikisi amapaka kyutekisi. Anandimenya ndi rula kawiri. Ndinati, “Pepani aphunzitsi, sindidzachitanso,” ndipo masana omwewo ndinali pansi pa galimoto. Mpaka lero ndimadzikwiyira kuti sindinawauze zoona. Sindikudziwa chimene ndinkaopa.

Cholakwa changa chachikulu chinali cha mtundu womwewo. Lamulungu lina amayi ali kumsonkhano wa azimayi kutchalitchi, atate aang'ono anafika ndi mafritasi m'pepala. Anandifunsa za sukulu, nandifunsanso chimene chinkanunkha pabwalo. Ine, pofuna kuti andione kuti sindine waulesi, ndinawakoka dzanja kukawaonetsa. Anagwada, nasuzumira. Ndinawabweretsera kahamala kuti amve okha mmene chitsulo chinkalirira, ndipo ndinawauza monyadira kuti malo odyeka anali awiri okha. Anagogoda kutsogolo, pakati, kumbuyo. Anadzuka akupukuta mawondo.

“Mwana uyu ali na manja,” anatero.

Mawu amenewo ndinayenda nawo masiku atatu ngati switi m'tsaya. Nditauza amayi sanandikalipire. Anangofunsa kuti anagogoda kangati.

Chomaliza chinali phula lakuda lochindikala, lopaka pamwamba pa penti wofiira kuti miyala ya m'njira isamusupule. Linkamata tsitsi ndi zigongono. Kumwamba kunali kutayamba kusonkhana mitambo masana alionse, ndipo ndinkafulumira. Lachinayi madzulo amayi anandifunsa ngati ndinasiya malo a manambala. Pa chasisi, kutsogolo kudzanja lamanja, kuseri kwa teyala, panali manambala ndi zilembo zodindidwa m'chitsulo, zofanana ndi zolembedwa m'buku la galimoto. Ine ndinaziona popala, ndinazisamala popaka penti wofiira, koma pa phula ndinadutsapo ndi burashi yodzaza, ndipo zinakwiririka zonse. Ndinavomera ndikulira. Amayi anati popanda manambala amenewo palibe angatsimikize kuti galimoto ndi imeneyi, ndipo Loweruka ndidzapukutepo ndi thinazi ndikamaliza masipuling'i akumbuyo.

Loweruka limenelo, cha m'ma teni, ndili pansi kumbuyo kwa galimoto, ndinaona mapazi a anthu atatu akulowa pageti: nsapato zakuda za atate aang'ono, mapatapata a azakhali, ndi majombo achikopa amene sindinkawadziwa. Mwini majombowo anali bambo wa ku Kabulonga amene anali ndi famu kunja kwa tauni. Ndinamva atate aang'ono akuuza amayi kuti banja lagwirizana kuti galimoto ipite mvula isanaiwononge, kuti zinthu zisavute pa tsiku la kusudzula.

“Banja liti, ba mulamu?” anafunsa amayi ali pakampando. “Ine sininaitanidwe.”

“Imwe muli pa maliro,” anayankha azakhali. “Khalani chete, mulemekeze zovala zimene mwavala.”

Bambo uja anagwada ndi tochi ya pafoni. Kuwala kwake kunayenda pa chasisi chonse mpaka kunandipeza kumaso. Anaseka, nafunsa ngati makanika wake ndi ameneyu, nati ngakhale kugalaja kumene amapita sapala bwino chonchi. Ndikuchita manyazi kunena kuti ngakhale pamenepo mtima wanga unasangalala. Kenako anapempha buku, nati aone manambala. Atate aang'ono anafufuza kumanzere, anafufuza kumbuyo, anatsegula boneti. Paliponse panali phula lakuda lokhalokha. Bambo uja anati popanda kuona manambala sangapitirize, chifukwa magalimoto akuba ndi ambiri.

“Iwe,” anandiitana atate aang'ono, “choka uko ulangize abwana pali manambala. Ndiwe unapenta.”

Ndinkadziwa malowo ngati chikhatho changa. Thupi langa linali litayamba kale kukwawa lokha, monga linkachitira munthu wamkulu aliyense akaitana. Koma pakati pa mateyala ndinaona mapazi a amayi pansi pa kampando, zala zitakanirira m'dothi. Ndinaima.

“Sindituluka, atate,” ndinatero, m'Chichewa changa chija cha mlaliki.

Anaganiza kuti sanamve bwino. Anabwereza, ndipo ine ndinabwereza. Azakhali anati mwana wa kumudzi waphunzira kale mwano wa m'tauni. Kenako dzanja linandigwira pa akakolo n'kuyamba kukoka. Ndinakolowekera mikono yonse pa chitsulo cha mateyala akumbuyo, pamene phula linali lisanaume, ndipo ndinamamatira. Msana unakhulika pa miyala, siketi inakwera, koma sindinasiye. Sindinakuwe. Ndinkangobwereza kuti “pepani, sindituluka, pepani, sindituluka,” chifukwa kukana popanda kupepesa ndinali ndisanakuphunzire.

Kampando kanagwa. Dzanja lija linandisiya, ndipo ndinasuzumira kunja. Amayi anali ataimirira pafupi ndi chitini cha penti wofiira chimene chinatsala theka. Anachitsegula ndi msomali mosafulumira. Anapinda manja a bulauzi yakuda, naviika manja onse awiri mpaka m'mfundo. Kenako anapita pa boneti n'kuikapo zikhatho zonse, nakanikiza. Anagwira chitseko. Anagwira chogwirira chake, natsegula, nagwira chiwongolero mbali zonse ziwiri, nagwira giya, nagwira mpando wa dalaivala. Penti ankayenderera m'mikono mpaka m'zigongono n'kumadonthera pa chitenje chakuda. Azakhali anagwira kumutu akufuula dzina la atate.

“Nagwila,” anatero amayi. “Manje tengani. Ba mulamu, makiyi muli nawo. Nkhalani apa muyendetse.”

Atate aang'ono anayang'ana mpando uja. Iwo ndiwo anavomereza malamulo a umasiye aja mokweza kuposa onse, ndipo mlongo wawo anali pomwepo akuwayang'ana. Kaya ankakhulupiriradi kapena ayi, sindinadziwe konse, koma sanasunthe phazi. Bambo wa ku Kabulonga sanafune kuti wina amufotokozere. Anabweza buku, nati nkhani za maliro a eni ake sazifuna, natuluka akupukuta foni pa malaya.

Azakhali anatsala pang'ono pageti. Sanakuwenso. Analankhula motsitsa, ngati munthu wouza mnzake mtengo wa tomato.

“Ngati ni choncho, mulamu, muzisudzule mweka.”

Atapita, amayi anatenga thumba lachabe, naliyala pansi, nalowa chagada pafupi ndi ine ndi zakuda zawo zomwezo. Anayang'ana ntchito yanga kwa nthawi yoyamba ndi maso, akuyendetsa chala m'makona monse. Anapeza bawuti imodzi imene ndinaiphonya kuseri kwa thanki, nandionetsa, naipala okha. Tinamaliza masipuling'i tili awiri, ndipo manambala anawapukuta iwo. Mvula yoyamba inagwa Lachitatu lotsatira. Ndinathamangira kunja kukasuzumira, ndipo madzi ankangosonkhana timadontho pa phula n'kumagwa pansi.

Kiyi ina amayi anali nayo nthawi yonseyi, itamangidwa pa mfundo ya chitenje. Za buku zinatenga miyezi yambiri ya maofesi ndi akuluakulu a mpingo, ndipo ine sindinazitsate. Chimene ndikudziwa n'chakuti mvula itatha amayi anapita okha kum'mawa kukagula mtedza, ndipo galimoto imeneyo ndiyo inandifikitsa giredi thwelofu.

Mawu a azakhali pageti paja, oti amayi adzisudzule okha, ine ndinawamva ngati mawu a munthu wogonja. Ndinavina m'khitchini madzulo amenewo, msana uli ndi mabala. Abale a atate sanabwerenso, ndipo tsiku la kusudzula silinaikidwe. Amayi anavala zakuda zaka zitatu, mpaka nsalu zinatuwa, kenako anangozisiya m'mawa wina popanda mwambo kapena mboni. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi pamene atate ankamwalira, ndipo palibe mwamuna anafikapo pakhomo kudzafunsira. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankabwereka mchere tsiku ndi tsiku, anayamba kunena kuti auike pakhoma adzatenga yekha.

Koma zonsezi ndinazilumikiza nditakula. Lamulungu lotsatira Loweruka lija, nkhani inali itafika kale kutchalitchi. Amayi anakhala pa benchi yawo ya masiku onse, penti wofiira akadali m'mizere ya zikhatho. Azimayi amene ankathithikana nawo mapewa anakhala kumapeto, ena anapita benchi yakumbuyo, ndipo mbali zonse ziwiri kunatsala malo okwana anthu atatu. Amayi anayang'ana kutsogolo ndipo anaimba mokweza kuposa masiku onse. Ine ndinaganiza kuti anthu amva zimene tinachita ndipo akutipatsa ulemu. Ndinaika buku langa la nyimbo pa malo opanda munthuwo, ndinatambasula miyendo, ndipo ndinakhala momasuka kwa nthawi yoyamba chibwerere mu Lusaka.